Dalaivala wa Bwana Wapanjinga

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinayendetsa abwana, osagundapo ngakhale nkhuku. Ntchito yangayo anaisokoneza ndi dokotala wina amene mpaka lero sindimudziwa nkhope, ndipo ndi bwino choncho.

Tsiku limenelo ndinawadikira panja pa chipatala maola awiri. Atatuluka ndinawatsegulira chitseko chakumbuyo monga mwa masiku onse, iwo n'kukhala, galimoto n'kupendekera mbali yawoyo monganso mwa masiku onse. Abwana ndi munthu wathupi ndithu. Ali ndi kampani yosindikiza makalendala, mabuku a malisiti ndi timakadi ta ukwati, koma ntchito yawo yeniyeni ndi kukhala pampando: wa mu ofesi, wa m'galimoto, wa pabalaza. Akangolowa m'galimoto amatambasula nyuzipepala, ndipo nkhope yawo ndimadzaionanso tikafika. Tsiku limenelo nyuzipepala sanaikhudze.

Tinalowa mumzere wa pamaloboti, uja umasuntha phazi limodzi n'kupumula. Njinga zinkangotidutsa uku ndi uku.

"A dalaivala," anatero abwana, "kuchoka kunyumba kukafika ku ofesi ndi mtunda wautali bwanji?"

"Makilomita seveni, bwana."

"Ndiye timayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi, mzere ukatikomera mtima."

"Nanga uyo?" Analoza bambo wina amene anamangirira matiresi panjinga.

"Aaa, ameneyo akafika, kusamba, kumwa tiyi, ife tisanafike pa raundabauti."

Pakamwa pangapa ndi pamene panandigulitsa. Abwana anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza mboni yomwe ankaisowa.

"Ndikugula njinga," anatero. "Adokotala akuti thupili liziyenda. Ndiyesa mwezi umodzi. Zikatheka, galimoto iyi tigulitsa. Ndi yachiyani pa ulendo wa makilomita seveni?"

Ndinawayang'ana pagalasi kudikira kuti anenepo za ine. Sananene. Kampani yathu ili ndi galimoto imodzi ndi dalaivala mmodzi, ndipo sizifunika sukulu kuti munthu adziwe kuti china chikachoka chinzake chitsatira. Ine mutu uli mbuu ndi imvi. Ndani angalembe dalaivala wa imvi, anyamata a maso akuthwa ali mbwee pageti lililonse? Ndinachita mantha, ndipo ndinapsa mtima, koma ndinangoyankha kuti, "Chabwino, bwana."

Chondiwawa china n'chakuti ine njinga ndimaidziwa kuposa galimoto. M'mawa uliwonse ndinkapalasa yanga kuchokera kwathu, n'kuitsamiritsa kuseri kwa galaja ya abwana, kupukuta thukuta, kumanga tayi, basi ndasanduka munthu wa galimoto. Zaka zonsezo abwana sanafunsepo kuti ndimafika bwanji. Mwina ankaganiza kuti ndimamera pageti ngati bowa.

Mawa lake tinakagula njingayo. Anasankha ya magiya makumi awiri ndi limodzi, pamene galimoto yathu ili ndi asanu okha ndipo m'tauni timagwiritsa ntchito awiri. Wogulitsa ataona kuti wapeza munthu wosakana, anawonjezera chisoti, magolovesi, botolo la madzi ndi kabudula wothina amene sindingafotokoze pagulu. Zonse ndinalongedza m'buti, njinga n'kutsala theka panja, ndipo inayenda ulendo wake woyamba itakwera galimoto.

Loweruka anandiitana ku ofesi, antchito onse kulibe. Anatuma mlonda kuti akagule mabatire kusitolo yakutali, kenako anatseka okha geti.

"A dalaivala, nkhani iyi ithere pompano," ananong'ona. "Ine njinga sindinakwerepo chibadwire. Bambo anga ankati ndithyoka mwendo. Mundiphunzitse ndinu."

Ndinangoti kukamwa yasa. Munthu akufuna kundichotsa ntchito, ndiye ndimugwirirenso chishalo!

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera mayi a ana, amene ankasita malaya anga oyera a Lolemba. Anaimika simbi n'kundiyang'ana.

"Inu abambo, mutu wanu umagwira koma? Munthu wati mumuphunzitse, ndiye inu mumuphunzitsedi?"

"Nanga nditani? Ndi bwana wanga."

"Agwe. Kawiri, katatu, adziwane ndi dothi. Abwerera okha pampando wawo."

"Mayi, munthu uja ndi wodwala."

"Nanga ine ndati mumuphe? Ndati agwe. Pofewa."

Ndisaname, malangizowo ndinawatsatira. Loweruka lotsatira ndinawauza abwana kuti chinsinsi cha njinga ndi kuyang'anitsitsa tayala lakutsogolo, pamene aliyense amadziwa kuti woyang'ana tayala amayenda ngati woledzera. Ndinkagwira chishalo n'kumathamanga pambuyo pawo, ndipo tikafika pa maluwa a pakhomo la ofesi ndinkangopendeketsa dzanja pang'ono. Phi! Abwana m'maluwa. Maluwa atatha ndinasamukira kuseri, kumene amaunjika zidutswa za mapepala zochokera kumakina odulira. Kumeneko ndiye kunali kofewa kwambiri. Anagweramo kanayi, ndipo kachinayi ndinachita kuwakoka mwendo.

Anadzuka timapepala tili m'makutu, m'khosi ndi m'kabudula muja, n'kundisisita paphewa.

"Muli ndi mtima wabwino, a dalaivala. Akanakhala wina bwenzi atatopa nane kalekale."

Manyazi anandigwira, moti ndinayamba kuwongola handulo yomwe inali yowongoka kale.

Loweruka lachitatu msana wanga unandiukira. Tili pakati pa bwalo, ine wefuwefu pambuyo, china chake chinangoti tswa m'chiunomu. Ndinasiya chishalo n'kukhala pansi. Abwana sanadziwe. Tayala anali atatopa nalo kuliyang'ana, maso ali patsogolo, akulankhula ndi ine amene kunalibe.

"Gwirani bwino, a dalaivala! Musataye! Lero mukugwira bwino kwambiri!"

Anazungulira bwalo lonse n'kudzandidutsa ndili khale pansi. Anandiona, n'kuyang'ana kumbuyo kwawo, n'kundiyang'ananso, kenako anakuwa mokweza moti agalu a fakitale yoyandikana nayo anayankha. Za mabuleki ndinali ndisanawaphunzitse, poti sindinkayembekezera kuti zidzafunika. Anazungulira kachiwiri, kachitatu, mpaka anakadziponya okha m'mapepala muja. Ndinakwawa kukawaona. Ndinawapeza ali chagada, akuseka chikhakhali, misozi ili chuchuchu.

"Ndapalasa! Mwaona? Ndapalasa ndekha!"

"Ndaona, bwana," ndinayankha, dzanja lili pamsana.

Lolemba ndilo linali tsiku loyamba la mwezi woyesera. Dongosolo linali lakuti abwana atsogole panjinga, ine ndizitsatira pagalimoto nditanyamula jekete, thalauza, nsapato, chikwama, fulasiki ya tiyi ndi thaulo. Choncho njinga imene inabwera kudzachotsa galimoto pamsewu inanyamuka galimoto ili pambuyo pake ngati mthunzi. Akazi awo anaima pakhonde atagwira pachifuwa. Panali msonkhano wa naini koloko ndi makasitomala akuluakulu, ndiye tinanyamuka seveni kuti pasakhale chifukwa.

Ukatuluka pageti la abwana, ku ofesi umakhotera kumanja. Abwana anakhotera kumanzere.

Ndinayesa akufuna kutenthetsa miyendo kaye. Koma titafika pamphambano anaima, n'kuyang'ana uku ndi uko ngati mlendo wotsika basi, kenako anakhoteranso kumanzere molimba mtima, chifuwa chili patsogolo. Apo ndi pamene ndinazindikira. Munthu uyu njira ya ku ofesi yake sakuidziwa! Zaka makumi awiri ndi ziwiri anayenda msewu umenewo m'mawa ndi madzulo nkhope ili m'nyuzipepala. Kunyumba akukudziwa, ku ofesi akukudziwa, koma pakatipa kwa iwo ndi tsamba la mpira.

Dzanja langa linapita lokha pa hutala. Likufika, ndinamva mawu a mayi a ana m'khutu. Ndinalibweza dzanjalo n'kuliika pagiya. Ndinayatsa magetsi ophethira, n'kumawatsatira mwaulemu wonse.

Tinayenda, abale. Mzere wa magalimoto unayamba kumbuyo kwanga, mahutala ali pii, pii. Kondakitala wa minibasi ina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Madala, mukuperekeza mkwati kapena?" Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ataona munthu wachisoti galimoto ikumutsatira anayesa ndi mpikisano, ndipo anayamba kuomba m'manja, mmodzi n'kufunsa kuti anzake ali kuti, awasiya kapena amusiya. Abwana anakweza dzanja kuwayankha, njinga n'kupita kudzera pamene sanaitume. Pachitunda anayesa magiya onse makumi awiri ndi limodzi, lililonse likulira mosiyana ndi linzake, koma palibe limene linachotsa chitundacho.

Kunyada ndiko kunawaletsa kufunsa. Kangapo konse anacheuka, koma ine ndinkangowakwezera chala chachikulu. Tara anatha, tinalowa msewu wafumbi, nyumba zikunka zichepa, mpaka msewuwo unakathera pa mpanda wa malata pamene amuna ena amawotcherera mafelemu a mawindo. Nthawi inali hafu eyiti.

Abwana anatsika akudzandira, n'kukakhala pamwala wa m'mbali mwa ngalande. Thukuta linali kamukamu. Nkhope yawo inatuwa mwa mtundu umene sindinauonepo.

"Tili kuti kuno?"

"Kutali, bwana."

"Ofesi anaisamutsa?"

"Ikadali pomwe paja."

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Mphepo yozizira ya m'galimoto inatuluka n'kuwawomba kumaso. Nyuzipepala inali pampando, yopindidwa bwino momwe amaifunira. Ndinaima chilili nditagwira chitsekocho, mumtima ndikuti ntchito yanga yabwerera, ndipo sindinanene liwu limodzi labodza lero lino.

Abwana anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. Anavula chisoti n'kuchiika pamaondo.

"Mukudziwa zimene ananena dokotala uja, a dalaivala? Za kuyendazi n'zongophimbira. Anandifunsa ntchito yanga, ndinamuuza. Ndiye anati, inu mumasindikiza makalendala, koma mukapitiriza chonchi, ya chaka chamawa adzapachika ndi anzanu." Anapukuta kumaso ndi golovesi. "Mayi kunyumba sindinawauze. Ana sindinawauze. Ndikuopa, a dalaivala. Ndikuopa kwambiri."

Makina owotcherera okha ndiwo ankalira.

"Basi," anatero akudzuka movutikira. "Ndalephera. Munthu wosadziwa njira ya ku ntchito kwake angapalase njinga? Ikani chinthucho m'buti."

Anatambasula dzanja kuti agwire chitseko. Ine ndinachitseka. Ndinachitseka mwamphamvu moti pang'onong'ono chikanawadula zala, ndipo owotcherera anasiya ntchito n'kutukula magalasi awo akuda. Mpaka pano sindinganene kuti ndinaganiza bwino. Ndinangoona kuti ndikamulowetsa munthu uyu m'galimotomu, ndidzakhala ndikumuyendetsa tsiku ndi tsiku kupita kumanda, giya wani, nditavala tayi.

"Bwana, simunalephere. Munakhota molakwika pageti pomwe paja. Ndinaona, koma sindinanene."

Anandiyang'ana.

"Komanso zoyang'ana tayala zija ndinakunamizani. Woyendetsa njinga amayang'ana kumene akupita."

"Nanga m'maluwa muja?"

"Ndinali ine, bwana."

"M'mapepala?"

"Kanayi ndine. Kachisanu munagwa nokha."

Ndinadikira kuti andichotse ntchito pomwepo, pamaso pa owotcherera. Iwo anangokanda m'mutu n'kufunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Ndinayankha kuti nthawi ikutha, tikambirana tikafika. Sanafunsenso, ndipo ine sindinawakumbutse.

Galimoto ndinaikhoma n'kuisiya m'manja mwa mkulu wa owotcherera, amene anandibwereka njinga yake yopanda mabuleki akutsogolo, chishalo chomanga ndi mphira. Ndinapinda thalauza, tayi ndinaiponya paphewa.

"Muziyang'ana msana wangawu, bwana. Kumene ndapita, inunso komweko."

Pali njira zimene munthu wa galimoto amafa osazidziwa. Tinadutsa kuseri kwa sukulu ina, n'kutsetsereka kanjira ka pakati pa mipanda iwiri, n'kuoloka kamlatho ka matabwa kamene ngakhale wilibala imadutsa mopemphera. Abwana anatseka maso pakamlathopo, ndinadziwa chifukwa anachita kulengeza. Tinatulukira kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, ndipo mwadzidzidzi geti la ofesi linali patsogolo pathu. Mzere wa pamaloboti tinangoumvera kutali mahutala ake. Nthawi inali itangopitirira naini ndi mphindi zisanu.

Titatsika ndi pamene tonse awiri tinakumbukira kuti jekete, thalauza ndi nsapato zatsala m'galimoto kwa owotcherera. Makasitomala anali atakhala kale. Abwana analowa momwemo ndi kabudula uja, mzere wa chisoti uli pamphumi, ndipo asekeletale anandiuza pambuyo pake kuti msonkhano wonse sanadzuke pampando, ngakhale potsanzikana. Alendowo anapatsidwa moni wa dzanja modutsa pamwamba pa tebulo, ndipo anachoka akunena kuti bwana wathu ndi wonyada.

Madzulo ake ndinawauza mayi a ana zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Ndiye kuti chitseko chinali chotsegula, munthu akulowa yekha, inu n'kutseka?"

"Eya."

"Mwadzichotsa nokha ntchito, abambo."

"Ndikudziwa."

Anapita kukanditenthetsera madzi othowera msana. Sanandiyankhule mpaka mawa lake, koma madziwo anawatenthetsa bwino.

Galimoto ndinakaitenga tsiku lomwelo n'kubweza njinga ya eni ake, ndipo kuyambira Lachiwiri inkatsala m'galaja. Ine ndinkatsogola panjinga yanga, chikwama cha abwana chili pakaliyala, suti yawo itapachikidwa kale kuseri kwa chitseko cha ofesi. Sikuti zonse zinayenda bwino. Tayala linaphwa kawiri, ndipo kawiri konseko abwana anaima pambali manja ali kumbuyo ngati woyendera ntchito, ine ndikumata chubu. Lole ina inawakankhira m'ngalande, iwo n'kutulutsa mawu amene ndinkayesa sawadziwa. Tsiku lokalandira mlendo kubwalo la ndege anachita kuitana takisi, ndipo ndinamva nsanje kuona munthu wina akuwatsegulira chitseko. Mvula itagwa ndisabise, mtima wanga wakale uja unadzuka, ndinati lero tiona. Abwana anatuluka atavala chijasi cha pulasitiki chofika kumapazi, akuoneka ngati tenti yoyenda, n'kufunsa kuti tikudikira chiyani.

Sabata yachitatu anandiuza kuti ndizikhala pambuyo. Anali atayamba kupereka moni kwa ogulitsa matabwa, ndipo ankandilozera zinthu zimene ndakhala ndikuzidutsa moyo wanga wonse. "Mukudziwa kuti apa pali malo ometera, a dalaivala?" Lamba wa thalauza anamubwezera bowo limodzi, n'kuitana antchito onse a kumakina kuti adzaone. Sabata yachinayi tsiku lina ndinachedwa ndi tcheni changa, ndipo nditafika ku ofesi ndinawapeza atasamba kale, akumwa tiyi. Ndinasangalala. Ndinakhalanso pabenchi ya mlonda kwa kanthawi, podziwa kuti ntchito yanga yatha.

Mwezi unatha Lachinayi. Wogula galimoto anabwera masana, bambo wa magalasi akuda amene anayamba ndi kumenya matayala ndi nsapato. Ndikanamuwomba mbama. Ndinamuuza kuti kilatchi yake imafuna phazi laulemu, kuti m'mawa aziisiya ilire kaye pang'ono, kuti chitseko chakumanzere sachimenyetsa. Iye ankangoti eya, eya, maso ali pafoni. Ndinachotsa kansalu kanga kopukutira pagalasi, n'kumupatsa makiyi. Potuluka pageti anakanda giya moti ndinamva m'mano.

Abwana anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa kalata yothokoza ntchito yanga. Anaisindikiza papepala lokongola kuposa onse, lija la timakadi ta ukwati, la mizere yagolide m'mbali. Anawerenga okha mokweza, ndipo penapake panali mawu akuti wokhulupirika. Antchito anaomba m'manja. Abwana ankamwetulira ngati akundikweza pantchito, ndipo ndinaona kuti m'mutu mwawo nkhaniyi ndi ya galimoto basi.

Poweruka tinapalasa limodzi mpaka kunyumba kwawo, iwo patsogolo. Sanalakwitse pena paliponse. Atafika pageti anatsika bwinobwino, osadzandira, n'kuvula chisoti akupuma ngati munthu wamba.

"Zikomo, a dalaivala," anatero akukankha geti. "Ndiye mawa sikisi koloko. Musachedwe."

"Kudzatani, bwana?"

Anayang'ana m'galaja, mopanda kanthu, banga la oyilo lokha lili pansi. Kenako anayang'ana ine, kalata yawo yagolide ikusuzumira m'thumba la malaya anga. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti ndi pamenepo pamene zawafika pamtima kuti agulitsa chiyani.

"A dalaivala..." anatero, mawu n'kuwathera.

"Muzipopa matayala Lolemba lililonse, bwana. Ndipo musasiye kupalasa."

Ndinakwera njinga msanga, chifukwa bwana akayamba kulira dalaivala sadziwa koyang'ana. Sindinacheuke. Ndinapalasa pang'onopang'ono mpaka kumphambano, poti nanenso maso sankaona bwino msewu.